SAFUNSA ANADYA PHULA: FUNSANI KAYE ENI AKE MUSANAWAKONZERE CHINTHU

 Phunziro la ulendo uno likupita makamaka kwa inu a m'makomiti a zaumoyo, a m'makomiti a mjigo, a m'magulu omvera wailesi, a m'mipingo, ndi wina aliyense amene akuganiza zokonzera anzake chinthu chowathandiza. Mutu wake ndi uwu: musanakumbe chitsime, musanamange chimbudzi cha pamsika, musanakonze uthenga wa zaumoyo, pitani kaye kwa anthu amene adzagwiritse ntchito chinthucho. Mukaone mmene amakhalira, mukawafunse, kenaka mukhale pansi n'kusanthula zimene mwapezazo.

Ndiyambe ndi kulakwa kwanga. Nditangoyamba kumene kudzipereka pa wailesi, ndinapatsidwa mwayi wokonza pologalamu ya kutsegula m'mimba kwa ana. Ndinawerenga timabuku ta Chipwitikizi, ndinamasulira mosamala, ndinayankhula momveka, ndipo anzanga anandiyamikira. Patapita masiku ndinapita kukacheza kwa mayi anga aang'ono. Ndinawapeza akusungunula paketi yonse ya madzi a mchere ndi shuga, ija timalandira kuchipatala, m'kapu imodzi ya tiyi kuti amwetse mdzukulu wawo.

Ndinati, "Amayi, kodi simunandimve pa wailesi? Ndinanena kuti paketi imodzi ndi ya lita imodzi."

Iwo anati, "Mwanawe, nthawi imene umayankhulayo ine ndimakhala ndili kudimba, ndipo wailesi amakhala atanyamula bambo akowa. Nanga litayo ndiyeza ndi chiyani? Pano pali ndowa, chigubu, chipande ndi kapu."

Paketi ikasungunulidwa m'madzi ochepa chotero, mchere umachuluka ndipo ungamuwonjezere mwana vuto m'malo momuthandiza. Uthenga wanga unali woona, koma sunafike kwa mwini wake, ndipo ukanafika sakanatha kuutsatira. Ndikanayamba ndacheza ndi amayi asanu okha ndisanalembe, ndikanadziwa nthawi yabwino youlutsira ndiponso chiwiya choti nditchule.

NKHANI YOYAMBA: MJIGO WA KATUNGWE

Kulakwa kotere sikuchitikira ife ang'onoang'ono tokha. Ena mwa inu munamvapo za mjigo wotchedwa PlayPump. Unapangidwa ku South Africa, ndipo unali ngati katungwe wozungulira amene ana amakwerapo posewera. Ana akamazungulitsa, madzi ankakwera kuchokera pansi kupita m'thanki ya malita 2,500 yokwezedwa m'mwamba. M'mbali mwa thankiyo ankaikamo zikwangwani za malonda ndi za mauthenga a zaumoyo, ndipo ndalama za otsatsa malondawo ndi zimene zinkayenera kulipira okonza mjigowo ukawonongeka.

Aliyense womva nkhaniyi ankaikonda: ana akusewera, madzi akutuluka, amayi akupuma. M'chaka cha 2000 mjigowu unalandira mphoto kuchokera ku World Bank. Mu 2006 boma la United States pamodzi ndi mabungwe ena analonjeza ndalama zokwana madola 16.4 miliyoni, ndipo cholinga chinali choti pofika 2010 pakhale mijigo yotere 4,000. Inaikidwa m'mayiko angapo, kuphatikizapo kwathu kuno ku Mozambique, ku Malawi ndi ku Zambia.

Mu 2007 bungwe la UNICEF linafufuza mmene mijigoyi inkagwirira ntchito, ndipo mu 2008 akatswiri a zamadzi a bungwe la SKAT la ku Switzerland anayendera imene inaikidwa kuno ku Mozambique. Zimene zinapezeka ndi zinthu zimene mayi aliyense wa pamudzi akanatha kunena pa tsiku loyamba lomwe. Madzi amafunika kwambiri m'mamawa ndi madzulo, nthawi imene ana sakhala akusewera. Katungweyu ankalemera chifukwa mphamvu yonse inkathera pokoka madzi, choncho ana ankatopa msanga. Mapeto ake amayi ndi amene ankakankha gudumulo ndi manja, ndipo kwa okalamba ndi amayi oyembekezera inali ntchito yowawa. M'malo ena mjigo wamanja umene unalipo kale unazulidwa eni mudzi osafunsidwa. Mjigo watsopanowo ukawonongeka, anthu a pamudzi sankatha kuukonza okha, ankangodikira amisiri ochokera kutali, mwina kwa miyezi yambiri. Mtengo wake unali pafupifupi madola 14,000, ndalama zokwanira kugula mijigo yamanja ingapo. Mu 2010 bungwe limene linkasonkhanitsa ndalama za mijigoyi linatseka ntchito zake.

Yerekezani ndi mjigo wa mtundu wa Afridev umene uli m'midzi yambiri kuno ndi ku Malawi. Ntchito youkonza inayambira ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ndipo inapitirira ku Kenya. Unayesedwa m'midzi kwa zaka zingapo, ndipo oukonzawo ankafuna kuti anthu a pamudzi azitha kusolola zitsulo zake ndi kusintha timphira okha pogwiritsa ntchito sipanala imodzi. N'chifukwa chake komiti ya mjigo yophunzitsidwa bwino imatha kuukonza tsiku lomwelo ngati zipangizo zilipo.

NKHANI YACHIWIRI: AMAYI A KU BANGLADESH

Tsopano tipite kutali, ku dziko la Bangladesh ku Asia, kumene kutsegula m'mimba kunkapha ana ochuluka zedi m'zaka za m'ma 1970. Madokotala anali atadziwa kale kuti madzi osakaniza ndi mchere ndi shuga pa muyezo woyenera amapulumutsa moyo. Vuto linali la mmene nzeruyo ikanafikira m'nyumba iliyonse. Mapaketi sakanakwanira dziko lonse, misewu inali yovuta, ndipo amayi ambiri a kumudzi sankadziwa kuwerenga.

Bungwe la kumeneko lotchedwa BRAC, limene linayambitsidwa ndi Fazle Hasan Abed mu 1972, silinathamangire kusindikiza mapepala. Linayamba ndi kuona zimene zinali m'makhitchini a anthu. Mchere unalipo paliponse. Shuga woyera anali wosowa, koma kunali shuga wakumudzi wofiirira wopangidwa kuchokera ku nzimbe, amene kumeneko amamutcha gur. Masipuni sanali m'nyumba zonse, ndipo amene analipo anali osiyanasiyana kukula. Choncho anasankha muyezo umene mayi aliyense amayenda nawo, ndiwo dzanja lake: mchere wotapa ndi zala zitatu, shuga wodzaza chikhatho chofumbata, m'madzi okwana pafupifupi theka la lita. Anayesa kangapo n'kumatumiza madziwo kwa akatswiri ku Dhaka kuti aone ngati mchere unali pa muyezo wabwino.

Mu 1979 anayesa njirayi m'dera limodzi lotchedwa Sulla asanapite nayo kwina. Aphunzitsi achizimayi ankalowa nyumba ndi nyumba. Ankatenga chiwiya cha mayi wa pakhomopo n'kuchilemba chizindikiro pamene madzi ayenera kulekezera, ndipo mayiyo ankasakaniza yekha iwo akuona. Pakapita pafupifupi mwezi, anthu ena ankabwerera ku nyumba imodzi mwa nyumba khumi zilizonse kukafunsa zimene mayi akukumbukira ndi kutenga madzi amene wasakaniza kuti akayezedwe.

Kubwererako kunaulula chinthu chodabwitsa. Amayi ambiri ankadziwa kusakaniza bwino, koma mwana akatsegula m'mimba ambiri sankamupatsa madziwo. A BRAC sananene kuti amayiwo ndi osamva. Anatumiza anthu kukakhala m'midzi ndi kufunsa chifukwa chake. Anapeza kuti anthu a kumeneko anali ndi mayina anayi a kutsegula m'mimba. Kwa mwana woyamwa, kumene ankakhulupirira kuti kumachokera ku mkaka wa m'mawere, ankati dud haga. Kobwera chifukwa cha chakudya ankati ajirno. Kwa chinanda ankati amasha. Kwamadzimadzi koopsa konga kolera ankati daeria. Aphunzitsi aja ankatchula dzina lomalizali, ndipo amayi anamva kuti mankhwalawo ndi a mtundu umenewo wokha. Anapezanso kuti abambo, amene ankalamula zambiri pakhomo, anali asanafotokozeredwe kanthu.

Uthenga unasinthidwa kuti uzitchula mayina onse anayi, ndipo aphunzitsi achibambo anayamba kukumana ndi abambo anzawo m'misika ndi m'mizikiti. Kuyambira 1980 mpaka 1990 ntchitoyi inafika m'nyumba zoposa 12 miliyoni.

Taonani kusiyana kwa nkhani ziwirizi. Anthu onsewa anali ndi cholinga chabwino. Oyamba aja anakhulupirira nzeru yawo n'kuifalitsa msanga. Achiwiriwa anayamba ndi kuyang'ana m'khitchini, anayesa pang'ono, anabwerera kukaona, ndipo atapeza cholakwika anasintha.

NANGA IFE TINGACHITE BWANJI?

Ntchito imeneyi sifuna kompyuta kapena galimoto. Imafuna kope, cholembera, miyendo ndi kudekha. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Nazi njira zisanu ndi ziwiri.

1. Gwirizanani chimene mukufuna kudziwa

Musanatuluke, khalani pansi ngati komiti n'kulemba mafunso atatu kapena anayi okha. Ngati nkhani ndi ya mjigo watsopano, mafunso angakhale awa: panopa anthu amatunga kuti, amatunga ndani, nthawi yanji, ndipo chimawavuta n'chiyani? Lembaninso pambali zimene inu mukuganiza kuti ndiye yankho. Mukadzabwerako mudzayerekeze ndi zimene mwapeza, ndipo mudzaona pamene munkangoganizira.

2. Funsani eni ake enieni

Yambani mwadziwitsa amfumu kapena anyakwawa ndi kupempha chilolezo, monga mwa mwambo wathu. Koma musathere pamenepo. Amfumu satunga madzi, ndipo pamsonkhano wa pabwalo amene amayankhula ndi anthu omwewomwewo. Pitani kwa amayi, atsikana amene amatunga asanapite kusukulu, agogo amene akulera adzukulu, olumala, ndi a nyumba za kumapeto kwa mudzi. Amayi muwafunse paokha, abambo paokha, achinyamata paokha, chifukwa mpongozi sangamasuke pamaso pa apongozi ake.

Ife a m'malire tili ndi chinanso choyenera kukumbukira. M'malo ambiri pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewu ndiwo malire, ndipo anthu a mbali zonse ziwiri amagula pamsika umodzi monga pa Lizulu, amakwatirana, amatunga pachitsime chimodzi ndipo amapita kuchipatala chimene chili pafupi. Mukawerenga nyumba za mbali yathu yokha, mjigo kapena chimbudzi chanu chidzachepa. Funsaninso ndalama imene anthu amakhala nayo m'thumba, kaya ndi metikali kaya ndi kwacha, musanagwirizane za msonkhamsonkha wa mwezi ndi mwezi.

3. Onani ndi maso anu

Zimene munthu amanena ndi zimene amachita sizifanana nthawi zonse. Sikuti amanama, koma zinthu zimene timachita tsiku ndi tsiku sitiziganizira. Khalani pafupi ndi chitsime kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa litakwera, ndipo mubwerenso madzulo. Werengani amene akubwera, zotengera zimene anyamula, ndi nthawi imene akudikira pamzere. Mukafika pakhomo, m'malo mofunsa ngati amasamba m'manja, pemphani kuti akuonetseni pamene amasambira. Ngati palibe madzi, sopo kapena phulusa pafupi ndi chimbudzi, yankho mwalipeza. Mawu othandiza kwambiri pa ntchito imeneyi ndi akuti, "Tandionetsani mmene mumachitira."

4. Funsani mosatsogolera yankho

Anthu akwathu ndi aulemu. Mlendo akafunsa kuti, "Kodi si bwino kugona m'neti usiku uliwonse?" aliyense amavomera. Funso lotere silikuphunzitsani kanthu. Funsani za chinthu chimene chinachitikadi: "Usiku wathawu ndani anagona m'neti pakhomo pano?" Kapena: "Ulendo womaliza umene mwana anatsegula m'mimba munayamba mwachita chiyani? Kenaka munatani? Anakulangizani ndani?" Mukafunsa, khalani chete, mulole munthu aganize. Musamudzudzule ngakhale atanena kuti anayamba wapita kwa asing'anga, chifukwa mukatero sakuuzaninso zoona, ndipo a nyumba yotsatira amva kale mbiri yanu musanafike.

Muuzeni munthu aliyense chifukwa chimene mukufunsira, ndipo muuzeninso kuti ali ndi ufulu wokana. Musalonjeze ufa, neti kapena ndalama zimene mulibe. Nkhani za matenda ndi zachinsinsi. Musalembe mayina m'kope, ingolembani kuti "mayi wa ana atatu, nyumba ya kutsidya kwa mtsinje". Zimene mwamva pakhomo pa munthu musakazikambe pamjigo kapena pamowa. Koma mukapeza munthu wodwalika, siyani mafunsowo, muthandize kuti apite kuchipatala.

5. Lembani mawu a eni ake

Yendani awiriawiri, wina azifunsa, wina azilemba. Lembani mmene munthu wanenera, musasinthe mawu ake kuwaika m'Chipwitikizi kapena m'chinenero cha kuchipatala. Kumbukirani mayina anayi aja a ku Bangladesh. Ifenso tili nawo athu. Mwana akamatsegula m'mimba pomera mano, ambiri timati ndi mano chabe, zisiya zokha. Liwombo likalowa timaliona ngati matenda apadera ofunika kumata mankhwala pamutu, pamene kulowa kwa liwombo mwa mwana wotsegula m'mimba ndi chizindikiro chakuti madzi atha m'thupi. Kamwazi timamutchula payekha, kolera payekha. Uthenga umene ungonena kuti "kutsegula m'mimba" ungawadutse amayi amene akuona kuti vuto la mwana wawo ndi mano kapena liwombo.

Mayina a zinthu nawonso amasiyana m'malire muno. Mankhwala othira m'madzi akumwa kuno timawadziwa kuti Certeza, pamene ku Malawi amawadziwa kuti WaterGuard. Paketi imene kuchipatala kwathu amaitcha SRO, tsidya linalo amaitcha Thanzi. Funsani dzina limene anthu a mudzi umenewo amagwiritsa ntchito, ndipo ngati alipo awiri, muzitchula onse.

6. Santhulani zimene mwapeza

Apa ndi pamene makomiti ambiri amalekera. Amayenda, amadzaza kope, kenaka kopelo limakagona pa denga mpaka chiswe chitadya, iwo n'kuchita zomwe anaganiza poyamba zija. Musatero. Kumanani tsiku lomwelo kapena mawa lake musanaiwale. Wina awerenge mayankho mokweza. Jambulani mabwalo pansi, bwalo lililonse likhale la yankho la mtundu umodzi, ndipo pa nyumba iliyonse ikani nyemba imodzi kapena kamwala m'bwalo loyenera. Njira imeneyi imathandiza kuti ngakhale amene sadziwa kuwerenga aone nawo ndi kutsutsa nawo.

Nachi chitsanzo chongopeka kuti timvetse. Tiyerekeze kuti mwayendera nyumba 30 zimene mwana anatsegula m'mimba koma sanapatsidwe madzi a paketi. Mutaika nyemba, mwapeza chonchi: nyumba 11 zinati paketi panalibe ndipo chipatala chili kutali, nyumba 8 zinati anali mano chabe, nyumba 6 zinati sizidziwa muyezo wa madzi, nyumba 3 zinati mwana ankasanza ndiye analeka, nyumba 2 zinati agogo kapena bambo analamula kuti ayambe mankhwala achikuda.

Musathamangire mulu waukulu wokha. Funsani kaye kuti nyemba zimenezi ndi za ndani. Mwina mupeza kuti mwa nyumba 11 zija, 9 ndi za kutsidya kwa mtsinje umene umadzaza nthawi ya dzinja. Pamenepo mwadziwa kuti vuto lawo silingathe ndi pologalamu ya pa wailesi ngakhale itakoma chotani. Chofunika ndi kukambirana ndi a kuchipatala ndi APE wa dera lanu, amene amayenda m'midzi ndi mankhwala, kuti mapaketi azifika kutsidyako mvula isanayambe. Miulu ya 8, 6 ndi 3, imene pamodzi ikukwana nyumba 17, ndiyo ingathandizidwe ndi uthenga: wotchula mano ndi liwombo, wotchula chiwiya choyezera, ndi wofotokoza chochita mwana akasanza. Mulu wa 2 ndi waung'ono, koma ukukuuzani kuti uthengawo uyenera kufikanso kwa agogo ndi abambo.

Posanthula, samalani zinthu zitatu. Choyamba, siyanitsani zimene munaona ndi maso ndi zimene munangouzidwa. Zikasemphana, bwererani mukafunsenso. Chachiwiri, munthu woyankhula kwambiri asakhale ngati anthu khumi. Nyumba imodzi, nyemba imodzi. Chachitatu, yang'anani amene zikuwayendera bwino. Ngati pali mayi wa kutsidya komweko amene mwana wake amalandira madzi a paketi nthawi zonse, kamufunseni mmene amachitira. Nthawi zambiri njira imene ingagwire ntchito pamudzi imakhala ilipo kale m'nyumba ina.

Kumbukiraninso kuti nyumba 30 za mudzi umodzi zikukuuzani za mudzi umenewo. Musatenge zimene mwapeza ku Domwe n'kunena kuti ku Zóbuè zilinso chimodzimodzi.

Mukamaliza, bwererani kwa amfumu ndi kwa anthu amene munawafunsa aja, muwauze zimene mwapeza, ndipo muwafunse ngati mwamva bwino. Anthu amatopa ndi alendo amene amabwera ndi makope, kufunsa mafunso, n'kupita osadzaonekanso.

7. Yesani pang'ono musanafalitse

Mukakonza uthenga, chithunzi kapena malo a chinthu, yesani kaye pa anthu ochepa amene sanakhale nawo pokonza. Ngati ndi uthenga wa pa wailesi, ujambuleni pa foni, mukawamvetsere amayi asanu kapena khumi. Musawafunse ngati wakoma, chifukwa adzati wakoma. Afunseni kuti, "Mwamvapo chiyani? Mukafika kunyumba mukachita chiyani?" Kenaka apatseni paketi ndi madzi asakanize inu mukuona. Ngati ndi chithunzi, bisani mawu ake n'kufunsa chimene akuona. Ngati ndi chimbudzi cha pamsika, khomani zikhomo ndi kumanga chingwe pamalo amene mwasankha, ndipo mufunse amayi ogulitsa mbatatesi ndi kabichi ngati angapiteko masana anthu akuona pamene khomo laloza. Kusuntha chikhomo sikudya ndalama, koma kugumula khoma la simenti kumadya msonkhamsonkha wa mudzi wonse.

Ine nditabwerako kwa mayi aang'ono kuja ndinachita zomwezi. Ndinafunsa amayi a m'midzi yoyandikana nafe nthawi imene wailesi imakhala pakhomo, ndipo ndinapempha kuti pologalamu ija ibwerezedwe madzulo anthu ataweruka. Ndinafunsanso chiwiya chimene chimapezeka m'nyumba zambiri, ndipo tinagwirizana pa botolo la pulasitiki la theka la lita, lija lolembedwa 500 ml. Kuyambira pamenepo ndikatchula lita ndimawonjezera kuti ndi mabotolo awiri otere odzaza.

KUMBUKIRANI IZI MWANA AKATSEGULA M'MIMBA

Muyezo wa zala ndi chikhatho wa ku Bangladesh unakonzedwera shuga ndi ziwiya za kumeneko. Musautengere. Kuno gwiritsani ntchito paketi ya kuchipatala kapena ya kwa APE.

Sambani m'manja ndi sopo. Thirani paketi yonse m'madzi okwana lita imodzi, owiritsa ndi kuzizira kapena othira mankhwala. Mwetsani mwana pang'onopang'ono ndi kapu kapena sipuni nthawi iliyonse akachita chimbudzi. Akasanza, dikirani mphindi 10, kenaka pitirizani mwapang'onopang'ono. Madzi otsala akatha maola 24 atayeni, musakanize ena. Pitirizani kuyamwitsa ndi kumudyetsa. Kuyambira 2004 mabungwe a WHO ndi UNICEF amalangizanso kuti mwana azilandira mapiritsi a zinki kwa masiku 10 mpaka 14, choncho afunseni kuchipatala ndipo mumalize onse ngakhale mwana atachira.

Thamangirani kuchipatala chimene chili pafupi ngati mwana akulephera kumwa kapena kuyamwa, akusanza chilichonse, wafooka kwambiri, maso kapena liwombo zalowa, watentha thupi, kapena m'chimbudzi muli magazi. Kaya akumera mano kaya ayi, kutsegula m'mimba kumachotsa madzi m'thupi chimodzimodzi.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAGULU OMVERA

1. Kodi m'mudzi mwanu muli chinthu chimene chinamangidwa kapena kugawidwa koma anthu sachigwiritsa ntchito? Ndani anafunsidwa chisanabwere, ndipo ndani sanafunsidwe?

2. Tchulani mayina onse amene anthu a kwanu amapatsa kutsegula m'mimba kwa ana. Ndi mtundu uti umene amathamangira nawo kuchipatala, ndipo ndi uti umene amangoudikira?

3. Pakhomo panu wailesi imakhala ndi ndani, ndipo imamvedwa nthawi yanji? Nanga amayi ndi atsikana amaimva liti?

4. Komiti yanu ili ndi chiyani chimene ikufuna kuchita chaka chino? Lembani mafunso atatu amene mukafunse eni ake musanayambe.

Mukakambirana, lembani mayankho anu papepala, mupatse mtsogoleri wa gulu lanu kapena aliyense wobwera ku Ulongwe tsiku la msika kuti adzatisiyire kuno ku wailesi. Mayankho a funso lachiwiri ndi lachitatu tikuwafuna kwambiri, chifukwa ndi amene atithandize kukonza mapologalamu a nyengo ya mvula ikubwerayi.